Telefoni ya Lachisanu

Kalata ija inagona m'thumba la jekete langa masabata asanu ndi limodzi. Ndayamba ndi zimenezi dala, kuti nkhani ikafika pakati pasapezeke wina wondimvera chisoni. Ine ndine Onesimo Namakhwa. M'chaka cha 1979 ndinali kalaliki wa kusitozi komanso mlembi wa yuniyoni pa fakitale ina yopanga ndowa ndi mapoto ku Makata, kumunsi kwa Ndirande. Dzina la kampaniyo linali lachingerezi, lalitali ngati njanji, koma tauni yonse inkangoti Kwa Ndowa.

Antchito tinalipo oposa mazana awiri, koma telefoni yochokera kunja inali imodzi. Ana a lero sangamvetse kulemera kwa kanthu kakuda kameneko. Ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chilomoni, m'nyumba za anthu ngati ife munalibe telefoni. Nambala ya Kwa Ndowa ndi imene abale athu ankalemba kuseri kwa kalendala ndi m'kati mwa chikuto cha buku la nyimbo. Munthu akadwala kumudzi, wina ankayenda wapansi mpaka ku positi ofesi kukaimba kuntchito. Motero maoda a ndowa ndi mauthenga a maliro zinkadzera m'waya umodzi.

Pa telefoniyo pankakhala Mayi Salome, ndipo ntchito yawo ankaidziwa. Uthenga woipa ukabwera sankatuma munthu. Ankatsika okha kumakina n'kukakokera mwini uthengawo pambali. Tikawaona akudutsa pakati pathu manja ali kumbuyo, aliyense ankapemphera kuti amupitirire. Koma 12 koloko ikakwana nawonso ankapita kukadya, telefoni n'kumalira yokha mpaka hafu wani. Zinkakhala choncho zaka ndi zaka, mpaka tsiku lina wamalonda wina wa ku Lilongwe anaimba katatu masana, n'kutopa, n'kukagula ndowa kwina.

Bwana wamkulu, Mzungu amene tinkamutcha Kaliwo chifukwa cha kaliwo wosachoka pakamwa, anaitana a pesonelo, a Willard Thipa, n'kuwauza kuti akonze zimenezo. A Thipa anakonzadi. Lolemba m'mawa tinapeza rosita pa bolodi, yotayipidwa bwino, sitampa ya kampani ili pansi. Makalaliki asanu, masiku asanu, aliyense tsiku lake lodikira telefoni kuyambira 12 mpaka hafu wani. Kusinthana masiku kunali koletsedwa. Wodikira ankayenera kusayina m'buku ndi kulemba nthawi ya uthenga uliwonse. Wosiya telefoni yokha ankalandira kalata ya chenjezo, ndipo yachitatu inali yolongedzera. Ine anandiika Lachiwiri. Pa Lachisanu panali dzina la Che Abdula.

Che Abdula anali kalaliki wa kudisipachi, kumene ndowa zimakwezedwa m'malole. Anali atagwira pamenepo zaka makumi awiri ndi ziwiri, munthu wamtali, wosafulumira kulankhula, wa kachipewa koyera. Lachisanu lililonse 12 ikakwana ankasamba inki m'manja n'kukwera ku mzikiti wa m'Ndirande, hafu wani ali kale pa desiki pake. Panalibe amene sankadziwa zimenezi. Ngakhale madalaivala a ku Mzuzu ankadziwa kuti Lachisanu masana disipachi imakhala kwa Mulungu. Ine ndi iwo tinkakhala moyandikana ku Ndirande, mipanda itatu pakati pathu. Ankandiposa zaka khumi ndi zisanu, koma ankanditchula kuti achimwene, ndipo ine zinkandikomera.

Komiti ya yuniyoni inakumana kuseri kwa mulu wa zodula za malata, kumene phokoso la makina linkatiphimba mawu. Madandaulo analipo. Rosita inalembedwa osatifunsa. Ola lakudya linatengedwa ngati la kampani. Koma nkhani yeniyeni inali ya Lachisanu, ndipo kuikonza kwake kunali kwapafupi: ine nditenge Lachisanu, Che Abdula atenge Lachiwiri langa. Tinalemba kalata yopita kwa Kaliwo, yaulemu mpaka yonyansa, yodzaza ndi kugwada. Anzanga anasayina mofulumira ngati pepalalo likutentha, n'kundipatsa.

"Inu ndinu sekilitale," anatero Stewart wa kuakaunti. "Mutu ukakula sulewa nkhonya."

Mwambi umakoma ukamanenera mnzako. Tonse tinkakumbukira Obed, amene anali mlembi ine ndisanakhale. Iyeyo analemba kalata yopempha magolovesi a anthu odula malata, wina n'kuitcha kuti n'chiyambi cha sitalaka. Kunabwera amuna awiri a majekete pa galimoto yopanda dzina. Obed anabwerako patapita miyezi khumi ndi umodzi, atawonda, akuyankhula motsitsa mawu ngakhale pogula tomato. Masiku amenewo yuniyoni inaliko, makadi tinali nawo, koma ntchito yake yaikulu inali kuyala mipando pa misonkhano.

Ndinaganiza zoyamba ndi pakamwa. Ndinagogoda kwa a Thipa.

"Bwana, ndabwera pa nkhani ya rosita. Lachisanu lija Che Abdula amapita ku mzikiti."

"Ndikudziwa," anatero a Thipa osadzutsa mutu. "Lachisanu ndi tsiku limene makasitomala amafunsa za malole. Angayankhe ndani kuposa wa kudisipachi?"

"Ine ndikhoza kuphunzira, bwana. Tingosinthana."

Apo ndi pamene anavula magalasi. A Thipa sanali munthu wankhanza ayi. Anali munthu woti akadinda sitampa papepala, pepalalo lasanduka mwana wake.

"A Namakhwa, ndikasintha chifukwa cha mzikiti, mawa abwera a Sabata, mkuja abwera a kwaya. Yuniyoni yayamba liti kugawa anthu m'zipembedzo? Dziko likutiphunzitsa umodzi, inu mukubweretsa izi? Ngati ndi dandaulo la yuniyoni lembani, ndikalipereke kumene likuyenera kupita."

Sananene kuti kumeneko n'kuti, ndipo ine sindinafunse. Ndinatuluka kalata ili m'thumba, nditaigwira ndi dzanja ngati ingagwe.

Ofesi ya Kaliwo inali pamwamba, masitepe khumi ndi asanu ndi atatu. Ndikuwadziwa chifukwa ndinawakwera katatu. Ulendo woyamba ndinabwerera pakati. Wachiwiri ndinafika pachitseko, ndinamva akulankhula ndi munthu, n'kuthokoza Mulungu. Wachitatu anatsegula yekha chitseko n'kundifunsa chimene ndinkafuna, ine n'kumuuza kuti misomali yatha kusitozi. Anzanga akandifunsa ndinkati bwana ali bize, tidikire nthawi yabwino. Ndinkachita mantha, basi, palibe dzina lina.

Che Abdula sanadikire nthawi yabwino. Lachisanu loyamba anasamba m'manja n'kupita ku mzikiti monga mwa nthawi zonse. A Thipa anali ndi kachitidwe kawo. Ankadyera kunyumba ku Naperi, kumene kampani inawaikira telefoni, ndipo pakati pa nkhomaliro ankaimba kuntchito. Wina akanyamula, iwo ankangodula osalankhula. Tsiku limenelo palibe ananyamula. Lolemba Che Abdula analandira kalata yoyamba. Sabata yotsatira analandira yachiwiri.

Madzulo a tsiku limenelo tinakwera limodzi mtunda wa ku Ndirande, ine ndikukankha njinga kuti tiyende pamodzi.

"Che Abdula, yatsala imodzi," ndinatero. "Zaka zonsezi zithere pa telefoni?"

"Kalata yathu ili pati, achimwene?"

"Ili m'njira."

Anandiyang'ana pang'ono. Kenaka anati, "Telefoniyo sindidana nayo. Mwinanso ine ndi amene ndikuifuna kuposa nonse. Amayi kumudzi ku Mbulumbuzi sakudzukanso. Mng'ono wanga Mohamed ndamupatsa nambala ya kuntchito, ndamuuza kuti zikasintha athamangire ku positi. Mukudziwa ife sitigoneka maliro. Munthu akapita m'mawa, dzuwa lisanalowe tamuika."

"Mulungu awachiritsa."

"Akalamba. Mwezi watha anandigwira dzanja, akuti Abdula, pondilandira m'manda ukatsike ndiwe. Unali woyamba kutuluka mwa ine, ukakhale womaliza kundigwira. Ndinavomera." Anaima kuti apume. "Ndiye tsiku lililonse ndikhoza kukhala pa telefoni, ngakhale Loweruka. Koma Juma, pemphero la Lachisanu, ndi Juma."

Pamenepo ndi pamene ndinatulukira nzeru yanga ija, imene ndinaiona ngati yakuya. A Thipa sankamva mawu a woyankha, ankangofuna kuti telefoni inyamulidwe. Nanga ine nditakhalapo mobisa? Kachipinda ka telefoni kanali ndi khomo lakumbuyo lotulukira kusitozi kwanga. Kumpanda wa kuzitsulo zakutha kunali pobowoka pamene anthu ankadutsa osaonedwa ndi mlonda wa pageti, amene anali khutu la a Thipa. Che Abdula azituluka pamenepo, ine ndizikhala pa telefoni n'kusayina dzina lawo m'buku.

"Ndi bodza limenelo," anatero Che Abdula.

"Bodza lake ndi langa, si lanu. Mpaka kalata iyankhidwe."

Anavomera monyinyirika. Ine ndinapita kunyumba ndikudzimva kuti ndine munthu wabwino kwambiri. Ndinali nditapeza njira yothandizira mnzanga popanda kukwera masitepe aja.

Zinayenda Lachisanu katatu. Ndinaphunzira kulemba chilembo choyamba cha dzina lawo, A wamkulu wopendekera kumanja. Nthawi iliyonse cha m'ma hafu thwelofu telefoni inkalira, ndikanyamula kunkangomveka kupuma kwa munthu, kenaka kudula. Ndinkaseka ndekha.

Lachisanu lachinayi linali mu Okutobala, kutentha kwake kosaneneka. Malata a fakitale ankalira okha. Belu la 12 litalira anthu anatuluka kukadya, Mayi Salome anatenga kambale kawo, Che Abdula anadutsa pobowoka paja. Ndinali ndisanakhazikike bwino pampando pamene telefoni inalira. Wotchi ya pakhoma inkati mphindi zisanu zapitirira pa 12.

"Halo! Halo! Ndi Kwa Ndowa?" Mawuwo ankachokera kutali, m'kati mwa phokoso ngati la mvula pa malata. "Ndikufuna Che Abdula a kudisipachi. Ndine Mohamed, mng'ono wawo, ku Mbulumbuzi."

"Atuluka pang'ono. Ndine mnzawo, nenani."

"Muwauze amayi atisiya m'mawa uno. Ashehe akuti tiika ikatha swala, pemphero la masana akulu, cha m'ma hafu fili. Akwere basi ya ku Zomba yonyamuka pa Wenela 1 koloko, afika. Ikawasiya imeneyo ndiye basi. Mwamva, bambo? Ya 1 koloko."

"Ndamva. Pepani kwambiri."

"Muwauze msanga, chonde. Kuno akutseka."

Ndinaika telefoni pansi n'kuimirira. Njinga yanga inali itatsamira khoma la kusitozi, ndinkaiona pawindo. Kuchoka pamenepo kukafika ku mzikiti, mphindi khumi. Mapemphero enieni ankayamba mochedwerapo, ndiye ndikanawapeza akadali panja akusamba mapazi. Ndikanawapatsa njinga, iwo n'kutsetsereka mpaka pa Wenela nthawi ikadalipo. Zonsezi ndinaziona bwinobwino. Palibe chimene sindinkadziwa.

Koma ndinayang'ananso wotchi. A Thipa anali asanaimbe. Ndikachoka, telefoni ilira yokha, ndipo dzina limene lili pa bolodi ndi la Che Abdula. Kalata yachitatu. Munthu ataye mayi ndi ntchito tsiku limodzi? Ali ndi ana asanu, awiri ali ku sekondale. Kutuma mlonda kunali kudziulula. Ndipo zikaululika, a Thipa afunsa kuti wakhala akusayina dzina la mwini ndani m'buku la kampani, n'kupeza kuti ndi mlembi wa yuniyoni. Apa ndi pamene nkhope ya Obed inandibwerera. Ndinadziuza kuti ndikuteteza ntchito ya Che Abdula, ndipo mwina theka lake zinali zoona.

Ndinakhala pansi. Ndinati ndidikire a Thipa aimbe, akangodula ndithamange. Kota pasiti inadutsa. Hafu thwelofu inadutsa. Thukuta linkatsikira m'makutu. Ndinalemba uthengawo m'buku, mawu onse monga ananenera Mohamed, koma pa nthawi ndinasiya osalemba. Kawiri konse ndinafika pakhomo n'kubwerera. Tsiku limenelo, pa masiku onse, a Thipa anachedwa kudya. Telefoni inalira kutatsala mphindi khumi kuti ikwane 1 koloko. Ndinanyamula, ndinamva kupuma kuja, kenaka kudula.

Tsopano ndinali womasuka kuthamanga, koma kuthamangira chiyani? Che Abdula anali m'kati mwa mapemphero, ndipo basi inali itayamba kale kulira injini. Ndinakhala pomwepo ndikuyang'ana muvi wa wotchi ukukwera mpaka pa 1. Sindinayambe ndadziona wochepa ngati nthawi imeneyo.

Che Abdula anabwera kutatsala pang'ono hafu wani, akupukuta thukuta ndi kampango, nkhope ili phee monga ankakhalira akachoka ku mzikiti. Atandiona ndaimirira manja ali kumbuyo ngati Mayi Salome, anaima pakhomo.

"Amayi?"

"Pepani, Che Abdula. Mohamed waimba. M'mawa uno."

Anatseka maso n'kunena mawu a Chiarabu amene amanena pa imfa. Kenaka anafunsa za nthawi yoika, ine n'kuwauza zonse, ndi za basi zomwe. Anayang'ana wotchi.

"Waimba nthawi yanji?"

"Posachedwapa," ndinatero. "Pompano."

Mawuwo anatuluka okha, ngati anali atakonzeka kale. Iwo akuvala jekete, ine ndinatenga cholembera n'kudzaza malo aja m'buku: 1:25. A Thipa atafika anawerenga uthengawo, anapepesa mwaulemu, n'kulemba chiphaso chotulukira nthawi yomweyo. Ndinapatsa Che Abdula njinga yanga kuti akaisiye kwa wogulitsa nthochi wa pa Wenela. Anandigwira phewa.

"Zikomo, achimwene. Mukanapanda kukhala pa telefoni, sindikanamva n'komwe."

Lamulungu a komiti tinapita kukapepesa. Tinatsika pamsewu waukulu n'kuyenda pafupifupi ola lathunthu m'minda yopsereza. Tinapeza amuna atakhala pamikeka pansi pa mtengo wa mango, Che Abdula ali pakati, maso atalowa m'kati. Nkhani tinaimva kwa mkulu wina amene anatilandira. Basi inawasiya. Anakwera matola mpaka ku Limbe, kenaka lole ya fodya imene inaphulika tayala panjira. Anafika dzuwa litapendeka, n'kukumana ndi anthu akuchokera kumanda, atanyamula jeneza lonyamulira maliro lija lili lopanda kanthu. Ashehe anali atadikira pafupifupi ola lathunthu kupitirira nthawi, koma ndi kutentha kuja sakanathanso.

Titakhala pang'ono, munthu wina wamfupi wofanana nawo mphuno anabwera kudzatipatsa moni mmodzimmodzi. Nditayankha moniwo anandigwira dzanja osalisiya.

"Mawu awa ndawazindikira. Ndinu munayankha telefoni, eti? Mulungu akudalitseni, bambo." Anatembenukira kwa anthu aja. "Ine tsiku lija ndinathamanga, abale. Ndinapeza wapositi akukoka chitseko kuti azikadya, 12 itangokwana. Ndinachita kumugwadira. Akanatseka, ndiye mpaka 2 koloko. Nditaimba ndinapezanso Juma pa mzikiti wa pamsika, isanayambe."

Ankalankhula ndi mtima woyera, munthu wothokoza. Stewart ndi enawo sanaone kanthu, anangogwedeza mitu. Ine ndinayang'ana mkeka. Nditadzutsa maso ndinapeza Che Abdula akundiyang'ana. Sanakwinye nkhope. Anangondiyang'ana nthawi yaitali, kenaka n'kuuza mnyamata wina kuti abweretsere alendo madzi osamba m'manja. Mpunga umene anatipatsa ndinaudya chifukwa pamaliro sukana chakudya.

Lolemba m'mawa ndinakwera masitepe aja osawerenga. Sikuti ndinali nditalimba mtima ayi. Manyazi anali atangoposa mantha. Kalata inali itada m'mapindiro, inki itayamba kufalikira ndi thukuta. Ndinaiika pa tebulo la Kaliwo n'kuimirira, ndikudikira chilichonse chimene chikanabwera.

Anaiwerenga kaliwo ali pakamwa. Anayang'ana deti, n'kundiyang'ana ine.

"Kalata iyi ya Ogasiti," anatero m'Chinyanja chake chokhotakhota. "Inali kuti?"

"Inali kwa ine, bwana."

Anatumiza mesenjala kuti akachotse rosita pa bolodi ndi kuitana a Thipa. Anatenga cholembera chofiira, anajambula muvi kuchoka pa Lachisanu kupita pa Lachiwiri, wina kubwerera, n'kusayina pambali. Anauza a Thipa kuti anthu akhoza kusinthana masiku malinga auze Mayi Salome, ndiponso kuti makalata awiri a Che Abdula achotsedwe m'faelo. A Thipa anati inde bwana, ngati kuti maganizowo anali awo kuyambira kale. Zonsezo sizinathe mphindi zitatu.

"Chifukwa chiyani palibe munthu anandiuza?" anafunsa Kaliwo, akutsegula kale faelo ina.

Ndinatsika masitepe aja n'kubwerera kusitozi. Sabata yonseyo ndinkayang'ana kugeti galimoto iliyonse ikaima, koma amuna a majekete sanabwere. Anzanga a komiti anandinyamula m'mwamba ndi mawu. Stewart anati yuniyoni yadzuka, Namakhwa ndi mwamuna. Ine ndinkangomwetulira. Chinthu chimene ndinachiopa masabata asanu ndi limodzi chinali cholembera chofiira ndi mivi iwiri.

Che Abdula anabwerera kuntchito patapita sabata, Lachiwiri. Ndinawadikira pa bolodi kuti ndiwaonetse rosita yatsopano. Anaiwerenga kuyambira pamwamba mpaka pansi, n'kugwedeza mutu.

"Zakhala bwino," anatero, n'kupita kudisipachi.

Masana, anthu atatuluka kukadya, ndinamva kugogoda pakhomo lakumbuyo lija. Anali iwo, akundiitana kuti ndilowe m'kachipinda ka telefoni. Linali tsiku lawo loyamba kudikira. Buku linali lotsegula pa tebulo, pa tsamba la Lachisanu lija. Uthenga wa Mohamed unali pomwepo m'zilembo zanga, pansi pake pali dzina lawo ndi A wopendekera kumanja.

"Khalani pansi," anatero.

Ndinakhala. Ndinayamba kufotokoza za a Thipa, za kalata yachitatu, za ana awo a ku sekondale. Ndinalankhula zambiri, ndipo anandilola mpaka mawu anandithera okha.

"Ndikudziwa," anatero. "Ndaziganiza zonsezo kumudzi, masiku asanu ndi awiri. Ntchito mwandisungira, sindikukana. Mwinanso mukanabwera ku mzikiti ndikanakuuzani kuti bwererani msanga ku telefoni, ndiyesa matola. Sindikudziwa. Koma amayi anali anga, ntchito inali yanga. Mukanabwera kudzandifunsa, ndikanasankha ndekha."

"Ndinalakwa, Che Abdula."

"Anatsika ndi Mohamed ndi mwana wa alongo anga. Akuti anawagoneka bwino, nkhope kuyang'ana koyenera. Ndimangomva akuti. Ine ndinapeza dothi." Mawu awo sanakwere. Anatembenuza buku lija kuti liyang'ane kwa ine, n'kuika chala pa nthawi. "Izi zokha ndikupempheni. Pansi apa pali dzina langa. Aliyense wowerenga aziti Abdula anamva za imfa ya mayi ake 1:25, basi itapita kale, palibe akanachitira mwina. Si mmene zinalili. Konzani."

Anandipatsa cholembera chawo. Ndinakhwatcha 1:25 n'kulemba 12:05. Kenaka, osauzidwa, ndinakhwatchanso dzina lawo n'kulemba langa. Anayang'ana tsambalo, anapukuta inki ndi kapepala, n'kutseka buku. Telefoni inalira nthawi yomweyo. Anainyamula n'kunena mwaulemu kuti kuno ndi Kwa Ndowa, ndipo ine ndinatulukira khomo lakumbuyo.

Lachisanu linakhala langa mpaka pamene ndinapuma ntchito. Uthenga wa maliro ukabwera pa tsiku langa ndinkasiya telefoni ikulira n'kukwera njinga, kaya munthuyo ali ku msika, kaya ali kuti. Ndinalandirapo makalata awiri a chenjezo pa chifukwa chimenecho, ndipo ndinawasunga.

Ine ndi Che Abdula tinagwira ntchito limodzi zaka zina zisanu ndi zinayi. Sanauze munthu aliyense, ngakhale Mohamed. Mkazi wanga atadwala anabwera kudzazonda, pa Idi ankatitumizira nyama monga kale. M'mawa uliwonse tikakumana pa mtunda wa ku Ndirande ankaima, n'kundipatsa moni ndi manja awiri.

"Mwadzuka bwanji, a Namakhwa?"

Mpaka tsiku limene tinawanyamula iwonso, sananditchulenso achimwene.